Mitengo ndi masamba achilengedwe pa poloti ya mu Lilongwe: momwe mungabzalire kuti ndalama isamangotuluka

Mvula ikangoyandikira, funso limakhala lomwelomwelo. Uyu wamaliza kumanga ku Area 49, uyu wagula poloti cha ku Chitedze, winayu wangolowa kumene m'nyumba yake ku Area 25, onse akufunsa kuti, "Kodi pakhomo pano ndibzalepo chiyani choti chisamandidyere ndalama?" Ndikati bzalani za kwathu konkuno, mtowo, mpoza, msuku, luni, amayamba aseka kaye, ati za kutchirezo nazo n'zobzala? Pakapita miyezi amabweranso, maluwa ogula m'mbali mwa msewu aja atauma, bilu ya madzi itawaluma. Pakamwa patopa, ndiye ndalemba pano kamodzi, wofunsa ndizingomulozera.

Ndinene msanga kuti musadzati ndinakunamizani: pa poloti ya m'tauni zomera zachilengedwe sizilemeretsa munthu. Phindu lake lalikulu si ndalama yolowa m'thumba, koma yomwe imaleka kutuluka, ya madzi, ya ndiwo, ya mankhwala a chiswe, ya makala, ya mbande zogulanso chaka ndi chaka chifukwa zoyamba zija zinafa. Yolowa iliponso koma imachedwa. Makwacha sindiwatchula muno. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nambala yolemba lero mawa imasanduka bodza, choncho tiwerengera m'zidebe ndi m'mipukutu.

Ndikati zachilengedwe ndikunena zomwe zinkamera zokha kuno asanazibweretse munthu. Bulugama adachokera ku Australia, malaina, nimu ndi mango ku Asia, jakaranda ndi mapeyala ku America. Sindikuti mugwetse mango anu ayi. Ndikungoti mtengo womwe makolo ake akhala akupirira chilimwe cha kuno, chiswe cha kuno ndi katondo wa kuno kuyambira kalekale sungakuvuteni mofanana ndi mlendo.

1. Musalambule poloti yonse

Apa ndi pomwe ambiri amataya chuma asanayambe n'komwe. Munthu akangolandira mapepala a malo amaitana anyamata aganyu, nkuwauza kuti "pakhale mbee." Madzulo ake zitsa zonse zazulidwa, zaunjikidwa, moto.

Mapoloti ambiri atsopano kuzungulira mzinda uno, kaya ndi ku Njewa, ku Chitipi kapena msewu wa ku Bunda, anali minda. Mitengo idadulidwa kale, koma zitsa zake n'zamoyo pansipo: chitimbe, mpoza, mtowo, mthethe, mphando, naphini. Chitsa chotere chili ndi mizu ya zaka zambiri yofika kale pa chinyezi. Mphukira yake imakula msanga kuposa mbande iliyonse yogula, ndipo sifuna madzi ngakhale kapu imodzi.

Musanaitane aganyu, yendani pa poloti ndi munthu wodziwa mitengo. Agogo oyandikana nawo amene akhala pamalopo kuyambira kale amadziwa kuposa ife. Chitsa chilichonse chomwe sichili pomwe padzakhale nyumba, chimangeni kansalu kofiira. Pa chitsa chimodzi sankhani mphukira imodzi kapena ziwiri zowongoka, zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, ndipo muzibwereza zikaphukanso.

Amisiri auzeni mwamphamvu, osati mongodutsa: pansi pa mtengo wosungidwa sipokandira simenti, sipounjika njerwa, sipotsukira wilibala. Madzi a simenti amawotcha mizu, mtengo nkudzafa chaka chotsatira inu osadziwa chaupha. Dothi lapamwamba, lakuda lija, likokereni pambali musanakumbe maziko kapena kuumba njerwa. Mukalilola kulowa m'chikombole, mudzagula lina pa lole.

2. Jambulani poloti papepala

Lembani pomwe pali nyumba, sepitiki, mapayipi a madzi, mawaya a ESCOM ndi mpanda. Lembaninso mbali yomwe dzuwa limalowera, chifukwa dzuwa la masana mu Okutobala ndi lomwe limasandutsa chipinda chogona kukhala ng'anjo, ndipo mthunzi umafunika kumeneko.

Kenako yesani dothi. Kumbani dzenje lofika m'mawondo, thiranimo madzi lidzaze. Akaphwa tsiku lomwelo, muli pa katondo, dothi lofiira lomwe lili malo ambiri mu Lilongwe, kapena pa mchenga, ndipo pafupifupi chilichonse chimera. Mukawapeza mawa lake alipobe, muli pa makande, dothi lakuda lomata la m'madambo lomwe limang'ambika m'chilimwe. Pamenepo msuku iwalani.

Onaninso komwe madzi a padenga amapita. Lilongwe imalandira mvula ya mamilimita 800 mpaka 900 pa chaka. Denga la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi limakhetsa malita pafupifupi 80,000, zomwe ndi zidebe 4,000 za malita 20. Ambiri timawaka konkire bwalo lonse nkuwatulutsira madziwo kumsewu, kenako nkumagula ena a Lilongwe Water Board othirira maluwa. Kumbani timingalande tolozetsa madziwo komwe mudzabzale mitengo, kutali ndi maziko.

3. Sankhani mtengo poyang'ana kukula kwake, osati kukongola kwa mbande

Mbande zonse zimaoneka zofatsa zili m'machubu. Musanagule, pitani ku munda wa zomera wa National Herbarium and Botanic Gardens pafupi ndi Capital Hill, kapena ku Lilongwe Wildlife Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, mukaone kuti mitengo yachilengedwe ikakula imafika pati.

Yoyenera poloti wamba ya mamita 15 kwa 30 ndi yaing'onoyi, mamita 3 kapena 4 kuchokera pakhoma. Mtowo ndiye ndimauika patsogolo: umakula msanga, sumafuna zambiri, matowo amakhwima m'chilimwe pomwe zipatso zina kulibe, ndipo umaphukira ana kuchokera kumizu, omwe ndi mbande zaulere. Mpoza ndi wamfupi, mapoza ake amapsa m'dzinja. Mteme uli ndi minga koma mateme ake, pokhala a chigoba cholimba, amasungika masabata. Ana auzeni kuti asamadye osapsa komanso asamatafune njere zake, zili ndi poizoni. Nthudza mukazibzala mothithikana nkumazidulira zimapanga mpanda waminga woti ngakhale galu sadutsa, ndi zipatso pamwamba. Wofuna maluwa abzale muwale, womwe umachita psuu m'chilimwe usanatulutse masamba, popanda wouthirira.

Yapakatikati, mamita 6 mpaka 8 kuchokera pakhoma: msuku, msikidzi wa mthunzi wosayoyoka chaka chonse, mthethe wa nkhuni pakona ya kuseri. Pamalo a chinyontho bzalani katope kapena mwimbi.

Ikuluikulu ndi mbawa, mlombwa, msambamfumu, msangu, mfula, mvunguti, mkuyu, kachere ndi mlambe. Iyi imafuna mamita 10 mpaka 15 kuchokera ku nyumba ndi ku sepitiki, ndiye pa poloti yaing'ono umodzi wokha pakona yakutali, kapena osabzala n'komwe. Mkuyu ndi kachere ndimakaniza ndithu, mizu yake imanunkhiza madzi, imalowa m'mapayipi nkukankha khoma la mpanda, ndalama ya mmisiri nkuposa mthunzi wonse womwe munapeza. Mvunguti musauike poimika galimoto, chipatso chimodzi chimalemera makilogalamu angapo. Msangu ndi wa amene ali ndi malo olimapo chimanga: umayoyola masamba m'dzinja, ndiye suphimba mbewu, ndipo masambawo ndi manyowa.

Bwemba, malambe ndi masau zimakonda kotentha, ku Salima, Mangochi ndi Chikwawa. Kuno kumtunda zimamera koma mwaulesi.

Za kapinga. Sindidana naye, koma werengani nokha. Bwalo la mamita 10 kwa 10, mukamathirira malita 5 pa mita iliyonse katatu pa sabata, limamwa malita 1,500 pa sabata, 6,000 pa mwezi, zidebe 300. Siyani kachigawo kakang'ono kosewererapo ana, bzalanipo kapinga wachikuda, yemwe amamera yekha m'mbali mwa misewu uja. Amauma mu Seputembala, mvula yoyamba ikagwa amadzuka yekha. Kuuma kwakeko si imfa, musamuthirire.

Mpanda wa nkhadze ndi wotsika mtengo, koma ngati pakhomo pali ana aang'ono usiyeni, utomoni wake umawononga maso. Nsungwi zachikuda phata limodzi kuseri likwanira mitengo ya tomato, khola la nkhuku ndi thandala.

4. Yambani ndi ndiwo, chifukwa ndizo zimabweza msanga

Mitengo idzakudyetsani patsogolo, koma masamba amayamba mwezi womwewo. Pafupi ndi khitchini, pomwe pamapita madzi otsukira mbale, konzani mabedi awiri kapena atatu, lililonse mita imodzi mulifupi, ndipo thiranimo manyowa owolerana.

Bonongwe njere zake n'zazing'ono kwambiri, zisakanizeni ndi mchenga pofesa kuti zisaunjikane. Pakatha masabata 3 kapena 4 mwayamba kupatulira nkumadya. Luni amakhumudwitsa anthu ambiri chifukwa amafesa njere zongothyola kumene, osamera, nkumati mbewu inali yoola. Njere za luni zimafuna kugona kaye miyezi ingapo pouma. Akamera muzithyola nsonga ndi maluwa, akatero amachita nthambi nkumakupatsani masamba nthawi yaitali. Denje njere zake ziviikeni m'madzi otentha kamphindi kochepa musanafese. Chewe, mnadzi ndi chitambe sizivuta.

Pokongoletsa, limanda wofiira uja ndi chidede zimaoneka bwino m'mbali mwa njira yolowera kuposa maluwa ambiri ogula, ndipo zimapita mumphika. Pa mpanda wa waya yangitsani mlozi kapena zipwete.

Wina adzati chisoso ndi mitundu ina ya bonongwe zidachokeranso kunja kalekale. N'zoona, koma zimadzifesa zokha ndipo sizipempha kanthu, ndiye kwa ine zalowa m'banja. Kusiyana kwake ndi repu, chayinizi ndi kabichi n'koti izi mbewu mumagula nthawi iliyonse, nsabwe ndi mbozi zikagwa mugulenso mankhwala. Luni ndi bonongwe mukangosiya mapesi awiri kuti akhwime, simudzagulanso mbewu.

Mu Febuluwale ndi Malichi masamba amachuluka kuposa pakamwa. Futsani. Awiritseni pang'ono, ayanikeni pa mphasa, aume gwa, musunge pouma. Amayi athu mfutso ankaukulunga m'chikwatu cha masamba a msuku, ndipo chimenechi ndi chifukwa china chokhalira ndi msuku pakhomo. Mu Okutobala, mpukutu wa masamba ukakwera mtengo kumsika wa Lizulu kapena ku Wakawaka, inu mukungoviika mfutso ndi kusinja nsinjiro.

Amene muli pa lendi, gawo lanu ndi lino. Matumba a simenti otsuka bwino kapena zidebe zobooka zikwanira, posamuka mumanyamula.

5. Kupeza mbande: apa ndiye povuta

Malangizo ambiri amangoti "pezani mbande zabwino," basi, ngati zili pa golosale. Mukayenda m'manazale a m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe mupeza maluwa, keshya, mapeyala ndi mango. Mbawa mwina muipeza. Msuku, mpoza kapena mteme n'zosowa. Funsani ku ofesi ya zankhalango ya boma lino, iwo amadziwa magulu omwe ali ndi nazale za mitengo yachilengedwe, ndipo njere zambiri zimasungidwa ku bungwe lofufuza za nkhalango la Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba. Komabe njira yodalirika ndi kufesa nokha.

Musapite kukazula timitengo ku Dzalanyama. Lamulo la zankhalango la 1997 sililola kutenga kanthu m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, komanso timitengo tam'tchire timakhala ndi muzu umodzi wautali wopita pansi, mukaudula ndi khasu kamtengoko kamafota pakatha sabata. M'midzi yambiri ya m'chigwa chino mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Kumeneko simulowa popanda mawu a amfumu, chifukwa chake mukuchidziwa.

Dothi la m'machubu likhale magawo awiri dothi lapamwamba, gawo limodzi mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi manyowa owolerana. Machubu akasowa, mapaketi a shuga obooledwa pansi amagwira ntchito.

Njere zili mitundu iwiri, ndipo kusadziwa izi ndi komwe kumalepheretsa anthu.

Zoyamba ndi za khungu lolimba: msangu, mthethe, msambamfumu, mtowo, chitimbe. Izi zimasungika nthawi yaitali, koma mukangozikwirira zimatha miyezi osamera poti madzi salowa. Tengani chowengera zikhadabo, budulani pang'ono khungu, kumbali yotalikana ndi kadiso komwe kamatulukira muzu, mpaka muone zoyera za m'kati. Musapitirire. Viikani usiku umodzi, fesani m'mawa. Msambamfumu yambani mwachotsa kachipewa kofiira kaja. Fesani mu Ogasiti kapena Seputembala kuti mbande zidzakonzeke mu Disembala. Msangu wokha uchedwetseni mpaka Okutobala, chifukwa muzu wake umathamanga, ukaboola chubu nkulowa pansi ndiye kuti pozula mwaupha. Machubu ake aikeni pa thandala, kapena fesani pamalo pomwe udzakhalire.

Zachiwiri ndi zofa msanga: msuku, msikidzi, katope, ndiponso mbawa ikakhalitsa. Izi sizisungidwa m'botolo kudikira chaka chamawa. Mwadya lero, mufese sabata yomweyo.

Tsopano msuku, womwe aliyense amaufuna koma ochepa amaukwanitsa. Pali misampha itatu.

Woyamba ndi womwewo wa njere. Masuku amadzaza misika kuyambira Novembala mpaka Januwale. Sankhani akupsa bwino, chotsani njere, tsukani zoterera zonse, muziumitse pamthunzi tsiku limodzi, osati padzuwa, nkufesa. Zikauma gwa zafa.

Wachiwiri ndi dothi. Anthu amadandaula kuti mbande zinamera bwinobwino, zitafika masamba anayi zinachita chikasu nkuima, kenako kufa. Amathira feteleza, zimafa msanga. Chifukwa chake n'choti mizu ya msuku imakhalira limodzi ndi bowa wa m'nthaka, yemwe timizu take toyera timakuta mizu ya mtengo nkumaupezera chakudya ndi madzi. Bowa yemwe timazula m'nkhalango za misuku ndi mombo m'dzinja ndi wa mtundu womwewo wa ubale. Dothi la pa poloti yomwe yalimidwa zaka zambiri mulibe bowayu. Choncho pitani kwa wachibale kapena mnzanu amene ali ndi misuku m'munda mwake, ku Dedza, ku Mchinji, ku Kasungu, kulikonse, mupemphe dothi la pansi pa mtengo waukulu. Palasani masamba, tengani lapamwamba lozama ngati chikhatho, lokhala ndi timizu ndi fungo la bowa. Musaliyanike, musalisiye m'thumba padzuwa. Theka la dothi la m'chubu likhale limeneli, manyowa ochepa chabe, feteleza ayi. Mbande zikhale pa mthunzi wa udzu wolowa dzuwa pang'ono. Tsiku lobzala mudzathirenso manja awiri a dothi lomweli m'dzenje.

Wachitatu ndi womwe umaliza anthu patapita zaka. Msuku uli waumuna ndi waukazi, mitengo yosiyana, ndipo simungazindikire mpaka utachita maluwa. Wofesa kuchokera ku njere umatha zaka 10 kapena kuposerapo usanabale. Tangoganizani kusamala mtengo umodzi zaka zonsezo nkudzapeza kuti ndi waumuna. Nthudza ndi mfula nazonso zili chimodzimodzi.

Mankhwala ake ndi kumezanitsa, kutanthauza kulumikiza kanthambi ka mtengo wobala kale pa tsinde la mbande yanu. Akatswiri a bungwe lofufuza za mitengo ndi ulimi la ICRAF atagwira ntchitoyi ku Makoka, m'boma la Zomba, adaonetsa kuti msuku womezanitsa umayamba kubala pa zaka 3 kapena 4. Chitani chonchi. Nyengo ya masuku, lawani zipatso za mitengo ingapo, ndipo womwe uli ndi masuku akuluakulu otsekemera uikeni chizindikiro, mwini wake akudziwa. Njere za mtengo wokoma sizilonjeza mwana wokoma, koma kanthambi kake kamabala zofanana ndi mayi wake. Mbande zanu zikafika kunenepa kwa pensulo, zomwe zimatenga chaka kapena kupitirira, dikirani nyengo ya Okutobala mpaka Disembala. Dulani tinthambi ta kunsonga tonenepa mofanana ndi mbandezo, totalika masentimita 10, tokhala ndi maso atatu kapena anayi. Chotsani masamba, kulungani m'nsalu yonyowa, ndipo mumezanitse tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mbande idulani pa masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pansi, ing'ambeni pakati masentimita atatu ndi mpeni wakuthwa wotsuka. Kanthambi kasongoleni mbali ziwiri ngati lilime la nkhwangwa, kalowetseni mumng'aluwo. Chinsinsi chonse chili pa khungwa: la kanthambi ndi la mbande zikumane ndendende, ngakhale mbali imodzi yokha. Mangani zolimba ndi kapulasitiki kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi asalowe, vindikirani ndi kajumbo koyera, ikani pamthunzi. Maso akaphukira chotsani kajumbo, ndipo chilichonse chophuka m'munsi mwa bala muzichibudula.

Sizigwira zonse, ngakhale kwa odziwa. Mezanitsani khumi kuti mupeze zingapo, ndipo dzanja liphunzitseni kaye pa mango omwe savuta. Siyani mbande ziwiri kapena zitatu zosamezanitsa, kapena mezanitsani imodzi ndi kanthambi ka mtengo waumuna, chifukwa m'tauni muno msuku wina uli kutali ndipo waukazi pawokha sungabale bwino.

Pali njira yachidule ya mitengo ina. Muwale, mfula ndi mlombwa zimatha kuphuka mukazika nthambi yaikulu ngati mkono, yotalika mita imodzi ndi theka, mu Seputembala kapena Okutobala mtengo usanaphukire masamba. Mfula mukatenga nthambi ku mtengo womwe mwauona ukubala, simudzaopanso kuti ndi waumuna.

6. Kubzala

Nyengo ya boma yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala nkutha pa 15 Epulo, koma wobzala mu Malichi wachedwa, mizu sikhala itazama mvula isanasiye. Yesetsani kumaliza Januwale asanathe. Musanyengedwenso ndi chizimalupsa, mvula ya mu Okutobala ija, pambuyo pake pamabwera dzuwa loopsa. Dikirani nthaka inyowe kufika m'mawondo.

Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, ndipo likumbeni mvula isanayambe. Dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa libwerere pansi. Bzalani madzulo kapena kukachita mitambo. Ng'ambani chubu, musabzale nalo, ndipo muzu wopotana pansi udulani. Mbande isamire kuposa momwe inaliri m'chubu. Pa katondo siyani kabeseni kosunga madzi, pa makande bzalani pa kachulu kuti isamire.

7. Zilimwe ziwiri zoyamba

Kunena kuti mtengo wachilengedwe sufuna madzi n'zoona ukakula. Uli wakhanda umafuna. Chaka choyamba, kuyambira Juni mpaka mvula itagwa, thirani chidebe chimodzi cha malita 20 pa mtengo uliwonse kamodzi pa sabata. Chaka chachiwiri kamodzi pa masabata awiri. Chachitatu usiyeni udzione. Mitengo khumi ndi malita 200 pa sabata, diramu imodzi, pomwe kapinga uja amafuna 1,500. Madzi otsukuluzira zovala akwanira, bola asakhale a bulichi. Kuwaza timadzi tsiku lililonse ndi kulakwitsa, mizu imazolowera kukhala pamwamba.

Phimbirani pansi ndi udzu kapena masamba, koma siyani mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde nkuwazapo phulusa. Chiswe chimakonda zouma, chikapeza zinyalala chimasiya mtengo wamoyo. Pabwalo losesedwa mbee ndi pomwe chimagwira mbande, poti palibenso china chodya. Ndikudziwa kuti bwalo losasesa limaoneka ngati la munthu waulesi, ndipo apongozi akabwera amayang'ana. Sesani pakhonde ndi panjira, koma masambawo athireni pansi pa mitengo m'malo mowatentha, ndi manyowa omwe mukanagula.

Tchingani mbande iliyonse ndi nsungwi kapena njerwa zosanja, chifukwa cha mbuzi, nkhuku ndi mpira wa ana. Mnyamata wothandiza panja muonetseni mtengo uliwonse, apo ayi kwa iye mpoza ndi tchire lofunika kutchetcha.

Mlombwa wofesa uli ndi khalidwe lomwe lapusitsa ambiri. Zaka zingapo zoyambirira kamtengo ka pamwamba kamauma m'chilimwe chilichonse, mvula ikagwa nkuphukanso. Ukutero ukukulitsa muzu pansi. Musauzule, khomani chikhomo pamalopo. Chaka china udzangonyamuka osaumanso.

Muwale ndi mvunguti zikakula mudzalandira alendo opempha khungwa la mankhwala, ena osapempha n'komwe. Mukalola, asende kachigamba kakang'ono mbali imodzi. Khungwa likasendedwa kuzungulira tsinde lonse mtengo wafa.

8. Werengani phindu m'kabuku

Lembani zinthu zitatu mwezi ndi mwezi: mayunitsi a madzi, mipukutu ya masamba yomwe mwagula, ndi makala. Banja logula mipukutu iwiri patsiku limagula 60 pa mwezi. Mabedi atatu aja akangochotsapo theka, chulukitsani 30 ndi mtengo wa lero kumsika kwanu, muone. Nthambi zothenera ku mthethe ndi chitimbe sizingathetse makala, koma za nyemba ndi madzi osamba zikwanira, thumba nkumatha mochedwerapo. Ambiri mwa makala omwe timagula mumzinda muno amachokera ku Dzalanyama, komwenso kumayambira mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu a Kamuzu. Zidafika poti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukalondera nkhalangoyo. Makala ndi madzi a pampopi zikuchokera phiri limodzi.

Pa zogulitsa musayembekezere zambiri ku zipatso. Msuku wanu udzapsa nthawi yomwe mabeseni a masuku ali mbwee m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo mitengo iwiri singapikisane ndi nkhalango. Zipatsozo ndi za ana anu. Matowo ndi mateme amagulika bwinoko pageti poti ndi osowa m'tauni.

Matabwa a mbawa ndi a mlombwa ndi ndalama yeniyeni, funsani kalipentala aliyense ku Mchesi, koma ndi nkhani ya zaka 30 kupita m'tsogolo, yoyenera amene ali ndi malo aakulu. Nthawiyo ikadzafika, yambani mwapita ku ofesi ya zankhalango musanagwetse, chifukwa matabwa opanda mapepala amalandidwa pa rodibuloko ngakhale mtengowo munabzala nokha.

Malonda omwe ine ndimaona kuti ali ndi mpata ndi a mbande. Luso la mu gawo 5 ndi lomwe anthu ambiri alibe, ndipo nyengo yobzala ikafika masukulu, mipingo, malo ogona alendo ndi anzanu omanga nyumba amasakasaka mitengo yachilengedwe. Kangodya ka mamita awiri kwa atatu pansi pa mthunzi kamasunga machubu mazana angapo. Yambani ndi zosavuta, mtowo, mbawa, msambamfumu ndi mthethe, misuku yomezanitsa ibwere dzanja likakhwima. Pa chubu chilichonse mangani kapepala ka dzina la mtengo ndi mwezi womwe munafesa, ndipo wogula msuku muzimupatsa ndi kajumbo ka dothi lija kuti akathire m'dzenje.